Ndinakana Banja Chifukwa cha Chikalata cha William Penn

1

Dzina langa ndine Phebe Haworth. Tsitsi langa linayera kale, koma ndimagonabe m'chipinda chomwe ndinkagona ndili kamtsikana, m'nyumba ya miyala pafamu yathu m'mbali mwa mtsinje wa Brandywine, kuno ku Pennsylvania. Nkhani yangayi sindinauzepo munthu yonse yathunthu. Lero ndiinena.

M'chipinda chathu chochezera, pakhoma lomwe dzuwa silifikapo, pali chikalata cha chikopa chotchingidwa ndi galasi. Inki yake inafiirira, pansi pake pakulendewera chidindo cha phula, ndipo chapafupi pomwepo pali dzina lolembedwa ndi dzanja la William Penn, munthu amene anayambitsa Pennsylvania. Ndi chikalata chimenechi anapereka malo ano kwa kholo lathu, zaka zoposa mazana atatu zapitazo. Aphunzitsi a mbiri yakale ankabwera kudzachiona atavula zipewa. Ine ntchito yanga inali kuchipukuta fumbi.

Ife ndife a mpingo wa Abwenzi, omwe ena amati ma Quaker, mpingo wa Penn yemweyo. Tilibe m'busa, tilibe kwaya. Lamlungu timakhala chete pamabenchi mpaka wina atamva mumtima kuti aimirire alankhule. Sitilumbira, chifukwa timafuna kuti eya wathu akhale wokwanira. Ndipo pa Abwenzi onse a m'dera lathu, bambo anga, a Elwood, ndiwo ankatchuka kuti sananamepo. Wogula ng'ombe ankangofunsa kuti, "Elwood, ili bwino iyi?" Akavomera, basi, dokotala sankafunikanso.

Pakhomo pathu panali lamulo limodzi lochokera kwa makolo: mwana woyamba, kaya wamwamuna kaya wamkazi, ndiye amatsala ndi famu ndi chikalata. Ena onse angathe kupita kumene akufuna. Mlongo wanga Warner, wobadwa pambuyo panga, ankandiseka nazo.

"Achemwali, inu ndi chikopa chija munamanga kale ukwati. Ine zanga zinayera, ndinachedwa kubadwa."

"Choka apa, mlesi iwe!"

Anachokadi. Atangomaliza sukulu anapita ku Denver, mzinda wakutali, ndipo kuno amabwera pamaliro pokha.

2

Russell anabwera m'mawa wina wozizira kudzathandiza ng'ombe yomwe inkalephera kubereka. Anali dokotala wa ziweto, wamtali, wamakutu otuluka ngati zogwirira poto. Mwana wa ng'ombe atatuluka wamoyo, Russell anandiyang'ana, mkono wake uli magazi mpaka paphewa, n'kunena kuti, "Ndikanakupatsani moni wa pamanja, mayi, koma mwina mudikire kaye." Ndinaseka mpaka kukhala pansi pa udzu.

Tinakondana mpaka aliyense kumsonkhano wathu wa Lamlungu anadziwa. Kenako anapeza ntchito ku Oregon, mbali ina ya dziko, ndipo anandifunsira. Ndinavomera asanamalize funso.

Tinawauza makolo anga pa chakudya chamasana. Amayi anga, a Marian, anaika mpeni wa buledi pansi mwakachetechete.

"Nanga chikalata?"

"Warner alipo, amayi."

"Warner si woyamba." Anapukuta manja pa epuloni. "Pita, sindikukumanga. Koma ukatuluka pachitseko icho, udzabweranso chaka chisanathe kudzandiika m'manda. Mtima wangawu ukuudziwa."

Ndinatembenukira kwa bambo. "Bambo, inu mukuti bwanji? Ndine woyenera kutsala?"

Anayang'ana m'mbale mwawo. "Amayi ako akufuna utsale."

"Ndafunsa inuyo."

"Ng'ombe zikundidikira," anatero, n'kutenga chipewa.

Ndinamuperekeza Russell kugalimoto yake. Anali atakwiya, makutu aja atafiira.

"Phebe, ndi chikopa cha nkhosa yomwe inafa kalekale. Ine ndine munthu, ndili pano, ndikupuma."

"Undidikire pang'ono. Amayi akangokhazika mtima pansi..."

"Amayi ako aja adzatiika tonsefe m'manda, iwo akadali kudya."

Anadikira ndithu, mpaka anatopa. Ndinadzamva kuti wakwatira mphunzitsi wina kumeneko. Tsiku lomwe uthengawo unafika, ine ndikulira m'khola, amayi anawotcha nkhuku n'kuphika keke ya maapozi, ngati pali chikondwerero.

3

Zaka zinayenda, ine ndili pamodzimodzi. Kukama, kusefa mkaka, kupanga tchizi, kuperekeza amayi kwa dokotala wa mtima yemwe sankawapeza ndi vuto. Anzanga a kusukulu ankanditumizira zithunzi za maukwati, kenako za makanda, kenako anasiya. Alendo akabwera kudzaona chikalata, amayi ankandikokera kutsogolo: "Uyu ndiye mlonda wake." Anthu ankandiyamikira, ine n'kumamwetulira mpaka masaya kuwawa.

Lachinayi lililonse bambo ankakweza tchizi ndi mazira pagalimoto n'kupita okha ku tawuni ya Chester. Ndikati ndiwaperekeze, ankati, "Tsala ndi amayi ako." Titagulitsa ng'ombe chifukwa cha ukalamba wawo, panalibenso chokagulitsa, koma ulendo wa Lachinayi sunathe. Tsiku limenelo amayi ankachapa zinthu zoyera kale, ndipo sankafuna munthu wowalankhula.

Kenako bambo anagwa ndi sitiroko, mbali imodzi ya thupi inafa. Lamlungu lotsatira, pabenchi yakumbuyo kumsonkhano panakhala mayi wachikuda yemwe ndinali ndisanamuonepo. Anali wamkulu pang'ono kwa ine, wovala jasi labuluu, chikwama chili pamiyendo. Sanalankhule. Msonkhano utatha anandiyang'anitsitsa ngati akufuna kufunsa kanthu, koma amayi anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Tiye kunyumba."

"Ndani mayi uja?"

"Chitseko cha msonkhano n'chotsegukira aliyense. Ndati tiye."

Mayi uja anabweranso Lamlungu lililonse, benchi yomweyo, jasi lomwelo. Ndisabise, maganizo anga anali oipa. Ndinaganiza za Lachinayi, ndinaganiza kuti bambo anali ndi chibwenzi chamseri. Kenako ndinkachita manyazi kuganizira zotere munthu wogona pabedi, wosatha ngakhale kudzipukuta pakamwa.

Masana ena ndikuwamwetsa supu, anandigwira ndi dzanja lawo lamoyo lija. Mawu ankatuluka movutikira.

"Phebe... chikalata chija... si chako."

"Mwati bwanji, bambo?"

"Si chako. Ukanatha..."

Amayi anatulukira pachitseko ngati anali ataima pomwepo. "Ndi mankhwala akuwalankhulitsa. Pita ukaanule zovala, kukubwera mvula."

Kumwamba kunalibe mtambo. Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kumuimbira foni Warner.

"Kodi bambo anakulonjeza chikalata?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ine? Ndikachipachike kuti, m'bafa? Achemwali, mwatopa, kapumeni."

Kuchokera tsiku limenelo amayi sanandisiyenso ndekha ndi bambo. Bambo sanalankhulenso. Anamwalira masamba a mitengo akuthothoka.

4

Maliro athu alibe ulaliki. Timasonkhana monga Lamlungu, n'kukhala chete, ndipo amene ali ndi mawu okumbukira womwalirayo amaimirira. Palibe amene ali ndi mphamvu yomuletsa kapena kumudula mawu.

Anthu anadzaza. Mlimi wina ananena za ng'ombe yomwe bambo anakana kumugulitsa chifukwa inali ndi matenda obisika. Mayi wina anati, "Elwood anali munthu wopanda kuseri." Mitu inagwedezeka kuvomereza. Kenako kunakhala bata lalitali, mpaka ndinamva benchi yakumbuyo ikulira.

"Dzina langa ndine Loretta," anatero mayi wa jasi labuluu. Anali ataimirira. "Sindine wa mpingo wanu, koma ndinamva kuti muno aliyense amaloledwa. Elwood Haworth anali bambo anga. Anandibereka asanakwatire. Ankabwera kwathu Lachinayi lililonse kuyambira ndili wakhanda. Ndiwo anandiphunzitsa kupalasa njinga. Tsiku lomwe ndinamaliza maphunziro a unamwino anabwera, anakhala kumbuyo monga ndakhalira ine lero. Sindinabwere kudzalanda kanthu. Ndimangofuna kunena kamodzi kokha, pagulu, kuti anali bambo anga, chifukwa iwo sanathe kunena kuti ndine mwana wawo."

Anakhala pansi.

Palibe anatsokomola. Mwambo wathu umati munthu akalankhula, pakhale chete kuti mawu alowe. Ndiye tinakhala, tonsefe, mawuwo akulowa. Warner anali kukamwa yasa. Amayi anali atawongola msana, maso kutsogolo, nkhope yosasuntha. Sanadabwe, ndipo ndinaona kuti sanadabwe.

Ine m'mutu mwanga munkazungulira liwu limodzi lokha: asanakwatire. Loretta anali wamkulu kwa ine. Mwana woyamba wa Elwood Haworth sanali ine.

Titatuluka panja, Loretta anali atapita kale. Warner anandikokera kuseri kwa mtengo.

"Achemwali, bambo athu omwewa? Amene anandigoneka ndi njala chifukwa chonama za maswiti?" Anafuna kuseka, koma ataona nkhope yanga anasiya. "Phebe... ndiye kuti inuyo..."

"Usamalize," ndinatero.

5

Alendo atapita ndinawapeza amayi m'khitchini akutsuka makapu.

"Munkadziwa."

"Ndinadziwa tisanakwatirane."

"Ndiye bwanji munandiuza kuti ndine woyamba?"

"Ndiwe woyamba wanga."

"Amayi!"

Anatseka mpopi. "Ukufuna kumva? Khala pansi. Mayi wake wa uja, Geneva, ankagwira ntchito pafakitale ku Chester. Bambo ako ankafuna kumukwatira. Agogo ako, Abwenzi olemekezeka, omwe ankaimirira kumsonkhano kunena kuti anthu onse ndi ofanana pamaso pa Mulungu, anawauza kuti akabweretsa mkazi wachikuda pano asadzapondenso pafamu. Bambo ako anasankha famu. Kenako anasankha ine. Ndinawalola Lachinayi lawo. Ine ndinapempha chimodzi chokha: nyumba ino ikhale ya mwana wanga."

"Ndipo anavomera."

"Anavomera, koma motere: 'Phebe akadali pansi pa denga lino, ndikhala chete. Tsiku lomwe adzachoke, ndidzauza msonkhano zoona, ndipo chikalata chidzapita kwa mwini wake.' Ukuwadziwa bambo ako. Akanachitadi. Ine ndikanayenda bwanji pamaso pa anthu?"

Ndinakhala pampando. "Ndiye mtima wanu uja..."

"Mtima wanga unali wamphamvu ngati wa hatchi."

"Munandiona ndikulira Russell. Munawotcha nkhuku."

"Ndinakupatsa nyumba, famu ndi dzina. Amuna amatha. Ukanapita ku Oregon, lero ukanakhala ndani?"

"Ndikanakhala ndi ana, amayi."

Kwa nthawi yoyamba anayang'ana kumbali. Kenako anatenga kapu ina n'kuyamba kuipukuta. "Undithandize kukweza mbale izi pamwamba. Ine sindifikira."

Ndipo ndinawathandiza. Mpaka lero zimandiwawa: ndinakweza mbalezo, imodziimodzi, mosamala kuti zisasweke.

Masiku otsatira ndinafufuza m'mutu mwanga mawu onse a bambo. Sindinapeze tsiku ngakhale limodzi lomwe ananditchula mwana wawo woyamba. Ankati "Phebe wathu." Ankati "wamkulu wa pakhomo pano." Munthu uja sanandinamizepo. Anangokhala chete, n'kumandiona ndikukalamba.

6

Ndinachotsa chikalata pakhoma, ndinachikulunga m'bulangete, n'kupita ku Chester, komwe ndinafunsafunsa mpaka ndinapeza kwa Loretta. Loretta amakhala m'nyumba ya njerwa yolumikizana ndi zinzake, pakhonde pali timanjinga ta adzukulu. Anatsegula chitseko, anayang'ana bulangete, n'kuyang'ana ine.

"Mwabwera ndi mtembo?"

"Ndi chanu. Ndinu woyamba."

Anandilowetsa, anandikhazika patebulo, anandithirira khofi. Pakhoma panali chithunzi cha bambo atanyamula khanda, akuseka mano onse panja. Ine ndinali ndisanawaonepo akuseka choncho.

Loretta anafunyulula bulangete, anavala magalasi, anawerenga pang'ono.

"Ndiye Penn wake ndi ameneyu? Bambo ankamutchula ngati amalume awo." Anaseka chapansipansi. "Mukudziwa kuti nayenso anali ndi akapolo pafamu yake? Anthu a khungu langali. Ndiye ndimupachike pamwamba pa wailesi yakanema, azindiyang'ana ndikudya?"

"Koma lamulo la banja..."

"Banja lake liti? Lomwe linakana mayi anga?" Anachikankhira kwa ine mofatsa. "Chomwe ndinkafuna ndinatenga kale kumsonkhano kuja. Ichi bwererani nacho."

Ndinayamba kulira, ndipo ndinamuuza zonse: za Russell, za nkhuku, za mtima wa amayi. Anamvetsera dzanja lili pakamwa.

"Mayo ine," anatero pomaliza. "Moyo wanga wonse ndinkakuchitirani nsanje. Ndinkati uja ali ndi bambo masiku onse, ine Lachinayi lokha. Ndinkati akukhala ngati mfumukazi m'nyumba ya miyala." Anandigwira dzanja. "Kani anakutsekera, mng'ono wanga."

Ndinabwerera nacho chikalata. Nditafika ndinapeza amayi ataima patsogolo pa khoma lopanda kanthu, akukuwa kuti kwabwera akuba. Sanasiye kukuwa mpaka nditachipachikanso pamsomali wake.

7

Chaka chomwecho nzeru za amayi zinayamba kuchoka. Amaiwala kuti bambo anamwalira. Amayatsa mbaula n'kuisiya. Ndikatuluka kukataya zinyalala amaima pawindo kukuwa dzina langa. Warner amatumiza maluwa. Zoona ndinazidziwa nthawi yomwe sindingathenso kuchoka, chifukwa mayi wokalamba wosadziwa njira ya kuchimbudzi sungamusiye, ngakhale anakulakwira chotani. Ndinayesa kukaona nyumba yosungirako okalamba. Ndinafika pageti, ndinabwerera.

Loweruka lina Loretta anatulukira pafamu, chikwama chake cha unamwino chili m'manja. Ndinaganiza kuti amayi amuthamangitsa. Koma anamuyang'ana n'kumwetulira ngati mwana.

"Ndinu nesi watsopano? Bola mwabwera. Mtsikana uyu manja ake ndi aukali."

Loretta ananditsinzinira diso. "Eya, mayi, ndine nesi. Tiyeni tipese tsitsi."

Ndinaima pachitseko kumuona akupesa tsitsi la mayi yemwe anamubisa moyo wake wonse, akuwaimbira chapansipansi. Atamaliza anatenga makiyi a galimoto yanga patebulo n'kundiponyera.

"Pita. Usabwere dzuwa lisanalowe."

"Ndipite kuti?"

"Ndikudziwa ine? Kukaonera kanema, kukadya ayisikirimu, kukafuna mwamuna. Choka!"

Ndinayendetsa galimoto mpaka kumapeto kwa kamsewu ka famu, pomwe kamakumana ndi msewu waukulu. Kumanja ndi ku Philadelphia, kumanzere ndi ku Baltimore. Ndinaima. Magalimoto ankadutsa. Ndinafufuza mumtima mwanga malo amodzi omwe ndikufuna kupita, munthu mmodzi yemwe akundiyembekezera, ndipo sindinapeze. Ndinazimitsa injini. Ndinakhala pomwepo tsiku lonse, manja ali pachiwongolero, mpaka mthunzi wa mitengo unafika pagalimoto. Kenako ndinatembenuka.

"Unapita kuti?" anafunsa Loretta.

"Kutali," ndinatero.

Anayang'ana nkhope yanga, sanafunsenso. Anavala jasi lake. "Loweruka likubwerali ndibweranso. Ukapite patsogolo pang'ono."

Inu amene mwawerenga mpaka pano, ngati pakhomo panu pali chinthu chomwe anakuuzani kuti ndinu nokha mungachisunge, kaya ndi munda, kaya ndi dzina, kaya ndi ulemu wa banja, funsani kuti ndani akupindula mukatsala. Funsani mokweza, mukadali ndi mphamvu zoyenda, ndipo wofunsidwayo akakhala chete musaganize kuti wakuyankhani. Ine ndinachedwa, ndipo sindikudziwa ngati amayi ndinawakhululukira. Ndimawasambitsa, ndimawadyetsa, ndipo masiku ena ndimakakhala m'bafa, madzi akutsika, kuti ndisamve akundiitana.

Loweruka lapitali ndinakhota kumanzere. Ndinafika pasitolo ina yogulitsa mbewu za maluwa, ndinaima panja pake ngati wakuba. Sindinalowe. Koma ndinakhota.